Ndinangoti Wanenepa

Mpaka lero, aliyense akandifunsa ndimayankha chimodzimodzi: ine sindinatukwane munthu. Ndinayamikira mwana wa eni ake m'nyumba mwanga momwe, masanasana, mboni zilipo, ndipo mawu amene ndinanena ndi omwe aja amayi anga ankandilonjera nawo ndikabwera ku holide kuchokera kusukulu ya unamwino. Zoti mawuwo anakagwera pena, umenewo si mlandu wanga.

Mnyamata wathu atapita ku yunivesite ku Nottingham, chipinda chake cham'mwamba chinatsala chopanda munthu. Nyumba za ku Spinney Hill, kuno ku Leicester ku England, n'zopanikizana ngati mano, neba akayetsemula inu mumapepesa, komabe yathu inayamba kuoneka yaikulu. Ine ndi abambo a kunyumba tinagwirizana zoikamo wa lendi. Amene anabwera anali mtsikana wa ku Korea, wophunzira za uinjiniya ku Loughborough, yemwe anati bola kukhala ku Leicester n'kumakwera sitima. Nditatsegula chitseko ndinasuzumira kumbuyo kwake kuti ndione mkulu amene wamuperekeza. Kunalibe. Munthu wake anali yemweyo, woonda ngati bango, atakumbatira poto wamagetsi wophikira mpunga.

Poto ameneyo ankalankhula. Mpunga ukapsa ankaimba kanyimbo, kenako mumatuluka mawu a mzimayi kulengeza m'chinenero chawo. Tsiku loyamba abambo anali okha kukhitchini, atangoweruka kuntchito. Ndinawapeza ataima pakhomo, nsapato imodzi ili m'manja.

"Amayi, m'potomu muli munthu," anatero.

"Ndiye mukufuna mumumenye ndi nsapato?"

"Ayi, ndikudikira kaye ndimve ngati anene za ine."

Sabata yomweyo m'firiji munayamba kununkha. Abambo ankati gasi akutuluka penapake, ine ndinkati khoswe wafera kuseri. Tinapeza kuti ndi kimchi, kabichi wawo wowawasa wothira tsabola, amene iwo sakhala patebulo popanda iye. Ndili mkati mokonza mawu aulemu oti ndikamuuze, iye anagogoda kuchipinda kwathu, maso ali pansi, n'kunena kuti pepani, zikuoneka kuti m'kabati ya pansi pa sinki mwafera chinthu. Unali mlamba wanga wowamba, umene alamu anga anandibweretsera kuchokera kumudzi. Tinayang'anana, aliyense n'kumeza mawu ake, ndipo nkhani ya fungo inathera pomwepo.

Chimene chinandizunguza mutu ndi funso lake. Tikakumana pamasitepe m'mawa, "Mwadya mpunga?" Ndikabwera kuwodi, "Mwadya mpunga?" Ine ndinkayankha zoona zokhazokha: ayi, ndadya buledi, ayi, ndadya mbatatesi ya kukantini. Iye ankaoneka wodandaula. Ndinayamba kuganiza kuti mwina akundipempha mochenjera, kapena akugulitsa. Patapita nthawi anandifotokozera, m'Chingerezi chathu chotsimphina mbali zonse, kuti kwawo umenewo ndi moni chabe, ndipo mawu oti mpunga ndi omwewonso oti chakudya. Munthu akadya buledi ndi nyama koma osakhudza mpunga, kwawo sanadye. Apa ndiye ndinamumvetsa msanga, chifukwa abambo a kunyumba kwanga akhoza kumaliza nkhuku yathunthu ndi tchipisi, n'kuimbira foni achimwene awo kuti kuno tagona ndi njala.

Tsiku lomwelo anandifunsa ngati angamanditchule kuti imo. Ndinati n'chiyani chimenecho. Anati ndi mchemwali wa amayi ako. Iye mwina ankangofuna mawu aulemu oitanira mwini nyumba, koma kwathu mchemwali wa amayi ako ndi amayi ako, palibe kuchotsera. Udindo anandipatsa yekha ndi pakamwa pake. Ndipo mwana wanga sangamayende m'misewu ya Leicester mafupa a m'khosi ali poyera ngati alibe kwawo.

Kadyedwe kake kankandimvetsa chisoni. Kambale ka mpunga, kambale ka msuzi wa masamba a m'nyanja, ndiye timbale tina tambirimbiri kuzungulira, kalikonse muli kanthu koti mungakanyamule ndi zala ziwiri. Abambo ankati ndiwo n'zambiri koma zonse ndi zolawa. Ine ndinangovula yunifomu, n'kumanga chitenje, n'kuyamba ntchito. Loweruka mandasi. Nyemba zophika mpaka kuphwanyika. Masamba otendera. Nyama ya mbuzi yochokera kubutchala ya Asilamu ya pamsewu wathu. Nyengo yozizira inandithandiza, chifukwa mdima wa kuno umagwa munthu asanaweruke, ndipo mwana amene ali kutali ndi kwawo sakana mbale yotentha. Iyenso sankabwera chimanjamanja. Abambo aja ankati gasi akutuluka anazolowera kimchi mpaka anayamba kumuika m'buledi wa kuntchito. Pomwe Khirisimasi inkadutsa, mtsikana wanga anali atatuluka masaya, khosi litadzaza, ndipo akaseka kusekako kunali ndi pokhala. Ndinkamuyang'ana n'kumamva kukoma mumtima.

Lamulungu lina amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera kwathu. Panali anamwino anzanga, ena osamalira okalamba, ndi amayi athu aakulu a ku Normanton ku Derby, namwino wopuma amene mawu ake amamveka nyumba za aneba. Mtsikana anatsika kudzapereka moni, tinamukokera pakati, wina n'kutijambula, iye mandasi ali m'manja, akuseka mpaka maso kutsekeka. Amayi a ku Derby anali atamuonapo atangofika kumene, ndiye atamuyang'anitsitsa anaomba m'manja.

"Eee! Kodi ndi kamwana kaja aka? Koma ndiye mwamumaneja, amayi! Taonani mmene wanenepera!"

Mtsikana ananditembenukira. "Imo, akuti chiyani?"

Ine chifuwa chili patsogolo ndinamasulira. "Akuti wanenepa. Wanenepa kwambiri, mwana wanga. Taona masayawa."

Chingerezi chili ndi mawu amodzi a zimenezi, aafupi, a zilembo zitatu, ndipo ndinawatchula momveka bwino kuti asaphonye ulemu wake. Amayi onse anavomereza. Wina analuluta. Amayi a ku Derby anamutsina pamkono kuti atsimikize. Mtsikana anamwetulira, anawerama mmene amachitira kwawo, anaika mandasi aja m'mbale, n'kukwera kuchipinda kwake.

M'mawa mwake poto uja sanalankhule.

M'malo mwake munabwera mbatata. Mbatata yowiritsa, yopanda mchere, yopanda tiyi, imodzi m'mawa, imodzi masana. Dzira lowiritsa. Timatimati ting'onoting'ono. Chidali cha nkhuku choyera mbuu ngati chadwala. Ndinati mwana wanga, ngati wakonda mbatata bwera nayo kuno ndikuthirire nsinjiro, ndikupangire futali. Atamva kuti nsinjiro ndi mtedza anabisa mbatata yake kumbuyo. Anayambanso kuyenda ndi botolo la madzi achikasu. Nditafunsa anati ndi tiyi wa ndevu za chimanga, zomwe zija timataya tikamasenda mondokwa, ndipo anachita kukagula m'tauni zili m'paketi. Kubafa kunabwera sikelo. Abambo anakwerapo kamodzi, anatsika mwakachetechete, osanena kanthu mpaka lero.

Aliyense anali ndi maganizo ake. Abambo anati, "Ndi mwamuna ameneyo. Kamnyamata kena ka ku Loughborough kamudampa." Amayi a ku Derby anaimba foni. "Mwatcheka ngati sali ndi pakati? Ana a masiku ano sanena." Ena anati timuike m'mapemphero. Zoti chayambitsa ndi chiyamikiro chathu chija, palibe ndi mmodzi yemwe amene zinamubwerera m'mutu.

Ine sindinkaseka. Ndinakula nthawi imene kuonda kunali ndi tanthauzo limodzi lokha. Mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi, anayamba chomwecho, siketi kumazungulira m'chiuno, anthu kumanong'onezana akadutsa, mpaka tinakamuika m'manda. Kuyambira pamenepo munthu akamaonda pamaso panga mtima wanga sukhala m'malo. Ndinkachita mantha, ndinene poyera. Ndinkamvetsera akamatsika masitepe, ndipo mapazi ake ankapepukirapepukira. Chakudya chinasiya kundikomera inenso. Munthu ungadye bwanji mwana ali pambali pako akutsina mbatata?

M'mawa wina ndikuvala jekete kuti ndizipita kuntchito, iye anaima pamasitepe, nkhope ikuwala koyamba patapita nthawi.

"Imo! Mwaonda! Nkhope yanu yachepa, yangotsala ngati chibakera. Mukuchita bwanji? Ndiuzeni inenso."

Ndinaika chikwama pansi.

"Iwe mwana iwe, wandiona ndikudwala chiyani? Ndakulakwira chiyani kuti undinene choncho m'mawa uno? Ine ndimakuphikira, ndimakudera nkhawa, iwe malipiro ake n'kunditukwana?"

"Kutukwana? Imo, ndakuyamikirani! Anatukwana ndi inu, pamaso pa anthu onse aja!"

Basi inandisiya tsiku limenelo. Tinakhala pamasitepe pomwepo, iye pamwamba ine pansi, aliyense akulira kulira kwake. Anandiuza kuti kwawo ukapita kuphwando la pabanja, azakhali amayamba akuyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, moni amabwera pambuyo. Anati kuli mashopu a zovala kumene diresi ndi ya saizi imodzi, ikakukana vuto ndi lako. Anati anzake onse amakhala pa dayeti, ngakhale amene akudya nkhuku yokazinga amati ayamba mawa. Kenako ananena chenicheni. Amayi ake abwera m'chilimwe kudzaona akulandira digiri.

"Chithunzi chija ndinawatumizira tsiku lomwe lija," anatero. "Anayankha mawu amodzi okha. Omwe aja munanena inu."

Ndinamufotokozera bwinobwino. Ndinati kwathu tikati wanenepa tikutanthauza kuti uli pamtendere, sukudwala, kumene ukukhala akukusunga bwino. Mkazi akakwatiwa n'kunenepa, akwawo amakathokoza apongozi. Anamvetsera mwaulemu, anagwedeza mutu, anandipukutanso misozi ndi kansalu kake. Kenako anapita kukawiritsa dzira.

Mwezi wa Ramadani, aneba athu ambiri ali pa kusala, mtsikana wanga anachita chizungulire podikira basi pafupi ndi butchala. Anabwera naye kunyumba ndi mkazi wa mwini butchalayo, atamugwira m'khwapa, m'dzanja lina muli kapepala ka tende, zipatso zotsekemera zimene Asilamu amamasulira nazo kusala. Mayiyo ankaganiza kuti mwana walowa nawo kusala.

"Mumuuze mwana wanuyu," anatero, "ngakhale ife, dzuwa likalowa timadya."

Tsiku limenelo ndinasiya mawu a imo n'kutenga mawu a kuwodi. Ndinamuuza kuti asankhe: mbale ya mpunga wophika ine tsiku lililonse patebulo ine ndikuona, kapena tigwirane dzanja kupita kwa dokotala. Anasankha mpunga. Ankaudya ngati mankhwala, koma ankadya. Masaya okha sanabwerere.

Mkwiyo wanga wonse unasamukira kwa mayi uja wa ku Korea. Mayi wanji woti mwana akumutumizira chithunzi akuseka, iye n'kuona mafuta? Ndinakonza mawu. Ndinkawayeserera m'basi, ndinkawayeserera posita, ndinkawayeserera pa abambo.

"Amayi," abambo ankatero, "musayambitse nkhondo ya mayiko. Ife pasipoti ya kuno tangoipeza kumene."

Chilimwe chitafika, tinapita tonse atatu kusiteshoni ya sitima kukachingamira amayi ake a mtsikanayo. Ine ndinkayembekezera mayi wamtali, wouma, wa milomo yopyapyala. Anatsika mayi wamfupi, wojintcha, tsitsi lopotanapotana, atavala chipewa chopanda denga, akukoka masutikesi awiri oti munthu angagonemo. Mtsikana anawongola msana n'kukokera mimba mkati, mimba yoti kunalibe. Mayi uja anamuyang'ana kumaso, anamugwira chibwano, anamutembenuzira uku ndi uku. Kenako anamumenya khofi pamsana, phaa, n'kuyamba kukalipa mokweza mpaka azungu anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Akukalipa choncho anatembenuka n'kundiloza ine.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe, imo. Akupereka moni."

"Moni wa chala? Tanena."

"Akuti nkhope yanga yatsala theka. Ndiye akufunsa kuti... kodi kunyumba kwanu simuphika?"

Ine! Ine amene ndinatha ufa wa mandasi m'mashopu a Spinney Hill! Mawu onse ndinakonza aja anauluka. Chibadwire changa ndanenedwapo zambiri, koma zoti ndimamana mwana chakudya zinali zisanatulukepo pakamwa pa munthu. Abambo anangogwira masutikesi aja n'kuyamba kuthamangira kugalimoto, ngakhale kulemera kwake kunkawapinda msana.

Titafika kunyumba tinaona chimene chinkalemera. Zovala zinali m'kachikwama ka m'manja. M'masutikesi onse awiri munali chakudya: masamba a m'nyanja ouma, ufa wa tsabola, mafuta a chitowe, ndi tinsomba touma tofanana ndi usipa. Abambo ataona tinsombato anavula chipewa. "Amayi, awa ndi achibale athu," anatero. Mayi uja sanapume n'komwe. Anasamba m'manja, anatsegula makabati anga ngati ake, ananunkhiza mafuta anga ophikira n'kupukusa mutu.

Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinatulutsa foni, ndinafufuza chithunzi cha Lamulungu lija, ndinachiika pamphuno pawo penipeni.

"Uwauze," ndinatero kwa mtsikana, "uyu ndiye mwana amene ndinalera ine. Amene anachotsa masayawa ndi iwowo ndi mawu awo."

Mtsikana sanamasulire, ndipo panalibe chifukwa. Mayi uja anayang'ana chithunzicho, anapukuta manja pa epuloni yanga imene anali atavala kale osapempha, n'kupisa m'thumba. Anatulutsa foni yawo n'kuiyatsa. Pamwamba penipeni, pamene munthu amaika chimene amafuna kuona akangodzuka, panali chithunzi chomwecho. Masaya omwewo, mandasi omwewo, ine ndili pambali ndadulidwa theka.

Ndinatsitsa foni yanga. Mayi uja anayamba kulankhula, tsopano motsitsa, ndipo mtsikana ankamasulira. Akuti chithunzichi aonetsa aliyense, kumsika, kutchalitchi, kwa azakhali onse aja. Akuti amawauza kuti onani, mwana wanga wapeza nyumba ku England, pali mayi wina akumudyetsa. Akuti chifikireni chithunzichi anayamba kugona tulo.

Mtsikana anafunsa yekha, m'chinenero chawo, ndipo ndinadziwa funso lake asanandiuze. Nanga bwanji munandiyankha chonchija? Mayi uja anadabwa zenizeni, anatambasula manja.

"Akuti, nanga ndinali nditanenepa, akananena kuti chiyani? Akuti ndi amayi anga, akapanda kunena iwo anena ndani?"

Ndinayang'ana mayi ameneyu, wamfupi ngati ine, wamakani ngati ine, wosaona cholakwa chake ngati ine, ndipo ndinadziwa kuti ndakumana ndi mnzanga. Ndinamukokera mpando. Anakana, n'kundikhazika ineyo.

Madzulo amenewo poto analankhula, ndipo abambo anamuyankha kuti takulandirani. Ndinaona ndi maso anga mmene mayi wa ku Korea amadyetsera mwana. Amatola kanyama ndi timitengo tiwiri timene amadyera kwawo, n'kuika pa supuni ya mwana, idya, idya. Mwana akatambasula dzanja kuti awonjezere mpunga, amamumenya pantchafu n'kunena mawu amene sindinafune womasulira. Mwana akabweza dzanja, amakalipanso, n'kumuwonjezera okha mpungawo, wambiri kuposa umene akanatenga. Dzanja lina likuletsa, lina likupakula. Mtsikana anandiyang'ana ngati akuti mwaonatu, koma ankatafuna, ndipo ankaseka.

Masiku amene anakhala nafe, khitchini yanga inasanduka bwalo la mpikisano. Ine ndikaphika mbuzi, iwo amaphika nkhumba. Ine ndikakazinga zitumbuwa, iwo amakazinga zawo za anyezi. Woweruza anali abambo, ndipo pofuna kusakondera ankadya zonse. Koma mayi uja anali ataona kuti nanenso ndatha, ndiye anandiika pa ndandanda wa ana. Ali ndi mwambo wokulunga nyama, mpunga ndi tsabola m'tsamba la letesi, n'kukuika m'kamwa ndi dzanja lawo. Ine ndikatsegula pakamwa kuti nditsutse kanthu, ndimangopeza mwadzaza. Sindinapambane mkangano ndi umodzi womwe. Pa tsiku la digiri mtsikana anavala mkanjo wake, masaya atayamba kubwerera, ndipo amayi ake awiri tinakhala moyandikana, aliyense ali ndi kachakudya kobisa m'chikwama.

Tsiku lonyamuka tinabwereranso kusiteshoni kuja. Mtsikana ankatsala kaye kuti alongedze, mayi ake ankatsogola. Masutikesi tsopano anali opepuka, munali ufa wa mandasi ndi kamlamba kamodzi kokulunga m'mapepala ambiri. Sitima itatsala pang'ono kufika, mayi uja anaima patsogolo panga. Anandigwira mikono yonse iwiri, pamwamba apa pofewa, anafinya ngati akusankha mapeyala. Anayang'ana mwana wawo ngati wofunsa, mwanayo anagwedeza mutu. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kutchula pang'onopang'ono, m'Chichewa:

"Mwa-ne-ne-pa."

Zinali zoona, yunifomu inali itayamba kukana mabatani. Koma chimwalirireni amayi anga panalibe amene anandigwirapo mikono chotero n'kundiuza mawu amenewo. Kuno munthu ukanenepa amakupatsa kapepala ka malangizo. Ndinalira pomwepo papulatifomu, kulira kwenikweni kwa mamina, abambo n'kumayang'ana kumwamba ngati akuwerenga nkhunda.

Mayi uja anachita mantha, analankhula msangamsanga kwa mwana wawo.

"Imo, akufunsa ngati alakwitsa katchulidwe."

"Sanalakwitse," ndinatero. "Uwauze anenenso."